Mfuti yogula kwa munthu yapezeka ndi chilema: kodi ndalama ingabwezedwe?

Mlimi wa ku Domwe:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Malume anga adagula mfuti yakale yosakira nyama kwa bambo wina wa ku Tsangano kuti azipirikitsira nguluwe ndi anyani kumunda. Atafika nayo kunyumba adaona kuti mpope wake udadulidwa, ndipo kachitsulo kowombera kadawotchereredwa ndi munthu wosadziwa ntchitoyo, moti tsiku lina idalira yokha pamene ankangoitseka, n'kuboola nkhokwe. Wogulitsayo akukana kubweza ndalama, akuti malonda adatha. Sadalemberane pepala lililonse, ndipo livrete, chikalata cha boma cholembetsera mfutiyo, sadapatsidwe. Kodi lamulo likuti chiyani?

Wa ku Moatize:
Achimwene, musanafike pa chilemacho, yambani mwafunsa ngati malondawo anali ololedwa. M'dziko muno la Mozambique nkhani za mfuti zimayendetsedwa ndi lamulo lotchedwa Decreto 8/2007, ndipo munthu sasunga mfuti popanda chilolezo chochokera kupolisi ya PRM, ngakhalenso kuigulitsa kwa mnzake ngati mmene timagulitsirana njinga pamsika wa Ulongwe. Kudula mpope ndi kusintha zitsulo zake mwamseri kukungowonjezera mlandu. Ngati malume anu alibe chilolezo, dziwani kuti kungokhala nayo m'nyumba ndi mlandu kale pansi pa Código Penal, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, ndipo umenewu ndi waukulu kuposa ndalama imene akuidandaulayo.

Mayi wa ku Furancungo:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Moatize, koma funso la ndalama lisatayidwe. Código Civil, buku la malamulo a mapangano ndi katundu pakati pa anthu, kuyambira ndime 913, imateteza wogula katundu wachilema, ndipo ndime 916 imati wogula adziwitse wogulitsa pasanathe masiku 30 chidziwireni chilemacho, komanso isanathe miyezi 6 chilandirireni katunduyo. Komabe chitetezo chimenechi chimagwira bwino pa malonda oyenda m'njira yake. Malonda otsutsana ndi lamulo, malinga ndi ndime 280, amatengedwa ngati sadachitike, ndipo ndime 289 imati aliyense abweze chimene adalandira. Pamenepo ndalama ikhoza kufunsidwa ndithu, koma wokadandaula kubwalo la milandu adzayenera kuvomera ndi pakamwa pake kuti mfutiyo ili m'manja mwake, ndipo popanda pepala adzadalira mboni zimene zidaona ndalama ikuperekedwa. N'chifukwa chake ndikupempha kuti malumewo ayambe akaonana ndi a IPAJ, amene amathandiza anthu osowa ndalama yolipira loya, asanapite kwina kulikonse.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti mfuti yolira yokha ili pakhomo pamene pali ana. Ikavulaza munthu, chipukuta misozi chidzafunsidwa kwa amene ankaisunga akudziwa kuti ndi yowonongeka.

Mkulu wa mpingo, Zóbuè:
Mwana wanga, musaipereke kwa wowotcherera wina, musaigulitsenso, ndipo musayese kuwoloka nayo malire pa Calómuè kupita ku Dedza pofuna okonza. Mfuti zambiri zopanda mapepala kuno zidatsala ndi nkhondo imene idatha mu 1992, ndipo m'chaka cha 1995 bungwe la mipingo yachikhristu la Conselho Cristão de Moçambique lidayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera pofuna kuzichotsa m'midzi. Amfumu angathandize kuitanitsa wogulitsayo pa za ndalama, koma za mfutiyo sangaweruze. Imeneyo ndi ya apolisi.

Mlimi wa ku Domwe:
Zikomo nonse. Zipolopolo tazichotsamo, mfuti taitsekera m'bokosi. Mboni zilipo ziwiri, ndipo Lolemba ndiperekeza malume ku IPAJ ku Ulongwe kuti akatilangize za kaperekedwe kake kupolisi.