Mkwatibwi akufuna za m'magazini, apongozi akufuna nkhope zonse

Wa ku Chilomoni: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Sabata yatha ndapereka zithunzi za ukwati womwe ndinajambula mu Ogasiti, ndiye mkwatibwi wandiyankha mawu amene akundisowetsa tulo. Akuti, "Achimwene, n'zabwino ndithu, koma zikukhala ngati anajambula anthu awiri osiyana." Nditaziyang'ananso ndaona kuti sakunama. Za kudimba, pomwe ndinawaimika n'kuika fulashi chapambali, zili ngati za pachikuto cha magazini, diresi yoyera mbee. Za m'holo pa perekani-perekani ndinkangobera, ndiye zina zatuluka zachikasu, zina zobiriwira, zamchengamchenga chifukwa ISO, yomwe timakweza tikamajambula mumdima, inafika 6400. Mu alubamu imodzi zikukanana. Ndiye kuli mayi ake a mkwati, akufunsa chithunzi cha abale omwe anabwera kuchokera ku Ntcheu. Sindinachijambule, mkwatibwi anati safuna zoimika anthu pamzere. Kumapeto kwa Okutobala ndili ndi ukwati wina, mwini wake wanditumizira kale zithunzi za pa Pinterest, tsamba la zithunzi la pa intaneti. Akuti akufuna editorial, zoimika ngati za m'magazini, akufunanso documentary, zongojambula zinthu mmene zikuchitikira. Ndili ndi kamera ya Nikon D750, malenzi a 50mm f/1.8 ndi 24-70, ndi fulashi ya Godox imodzi. Ndimajambula ndekha.

Madala a ku Limbe: Mphwanga, ndiyambe ndi za Ntcheuzo, chifukwa cholakwa chachikulu ndi chimenecho, osati mitunduyo. Ife tinayamba ndi filimu ya zithunzi 36, ndipo sitinkawononga ngakhale chimodzi pa maluwa agogo asanajambulidwe. Ukwati wa kuno si wa mkwatibwi yekha. Ankhoswe anayenda maulendo angati? Azakhali agulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti, asoketsa yunifomu ya chitenje, iwe n'kuwasiya chifukwa mwana wanena kuti mzere ndi wachikale? Pakapita zaka zisanu, mkwatibwi yemweyo adzakuimbira kufunsa ngati uli ndi chithunzi cha agogo ake omwe atisiya. Pempha komiti ikulembere magulu, asapitirire khumi. Pepalalo upereke kwa azakhali a mawu okweza, amene amadziwa aliyense ndi dzina. Ujambule pakhomo la tchalitchi anthu asanakwere magalimoto, chifukwa akangokwera suwapezanso. Yamba ndi gulu lalikulu, uzichotsamo anthu pang'onopang'ono, okalamba amalize msanga akakhale pansi.

Achemwali a ku Area 47: Madala anena zoona, palibe chotsutsa. Koma achimwene, pa vuto la "anthu awiri" lija ine ndikuona kuti mukusintha mutu pakati pa tsiku. Kudimba mukulamula chilichonse mpaka chala, m'holo simukulamula kanthu. Ine ndimalamula malo ndi kuwala basi, zochita ndimasiyira eni ake.

Ndikupatseni chitsanzo cha mwezi watha. Ndafika m'mawa kunyumba ya mkwatibwi, chipinda chadzaza zikwama, mabeseni, mawaya a chowumitsira tsitsi, babu lachikasu likuyaka pamwamba. Ndinazimitsa babulo, ndinakokera mpando pawindo, zikwama tinazikankhira kuseri kwa chitseko. Kenako ndinati, "Amayi, tabwerani mumumange mabatani mwana wanu." Sindinalankhulenso. Mabatani anali ambiri, ang'onoang'ono, zala za amayi zikunjenjemera. Atafika chapakati anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kumvano, mwana n'kugwetsa msozi, wopaka nkhope n'kuthamanga ndi kathonje. Ndinajambula zonsezo pa f/2, lenzi itatseguka kwambiri kuti ilowetse kuwala, windo lili kumanzere. Ndiye mundiuze, chimenecho ndi editorial kapena documentary? Mpando ndinaika ndine, koma misozi sindinaitanitse.

Kudimba chimodzimodzi. Mawu oti "sekani" ndinawasiya kalekale, amatulutsa mano okha. Ndimawauza kuti yendani kuchokera pamtengo uwo, bambo mumuuze mayiyu chimene munaganiza tsiku loyamba kumuona. Amaseka okha.

Wa ku Chilomoni: Achemwali, za windozo ndazimva. Koma m'holo mulibe windo loti ndikokereko munthu. Machubu kudenga, magetsi a DJ ofiira ndi obiriwira, anthu akuvina.

Wa ku Zomba: Pamenepo ndilowepo ine. Choyamba chotsani white balance, yomwe imalamula mtundu wa kuwala, pa auto. Kamera ikamasankha yokha, chithunzi chilichonse chimabwera ndi mtundu wake, ndiye pa Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, mumakhala usiku wonse. Ikani Kelvin, nambala ya mtundu wa kuwala, imodzi ya m'holomo, mujambule RAW, mafayilo omwe mitundu yake imakonzeka mosavuta pambuyo pake. Chachiwiri, magetsi athu ndi a 50Hz, machubu amaphethira mofulumira moti diso siliona koma kamera imaona. Mukakweza liwiro la shutter, kuphethira kwa kamera, kupitirira 1/100 ya sekondi popanda fulashi, n'chifukwa chake china chikutuluka chobiriwira, chotsatira chake chachikasu, pamalo amodzimodzi.

Koma 1/100 simungaimitse nayo munthu amene akuvina. Ndiye lekani kuopa fulashi m'holo. Kudenga kukakhala malata, kutali, osavutika n'kuwombetsa kumwamba, kuwalako sikubwerera. Ine ndimaloza pa anthu penipeni, mphamvu yochepa, shutter pa 1/30, f/5.6, ISO 800, lenzi pa 24mm, ndili pakati pawo. Fulashi imaimitsa nkhope ndi ndalama zili m'malere, magetsi a DJ amasanduka mizere kumbuyo. A magazini a mafashoni amachita kufuna maonekedwe amenewo. Poti kudimba munagwiritsanso ntchito fulashi, khungu limafanana mbali zonse ziwiri. Ingokumbukirani kuti D750 imagwirizana ndi fulashi mpaka 1/200.

China, osakwiya. Ndikukayika kuti za kudimba munazisalaza kwambiri. Ngati mkwatibwi kudimba ndi woyererako, wopanda kachiphuphu, m'holo n'kukhala ndi khungu lake lenileni, ndiye akuoneka anthu awiri ndi iyeyo. Preset, kakonzedwe ka mitundu kosungiratu, ikhale imodzi tsiku lonse, khungu mulisiye mmene Mulungu analipangira. Zomwe mitundu yakanikiratu, black and white.

Wa ku Chilomoni: Zosalazazo mwandigwira, sinditsutsa. Funso lina ndi nthawi. Pulogalamu ikuti tchalitchi 9 koloko, zithunzi 11, koma tonse tikudziwa kuti tidzatuluka cha m'ma 12. Okutobala dzuwa lili paliwombo, maso amalowa m'maenje, mkwati ali thukuta kamukamu m'suti. Za Pinterest zija zonse ndi za dzuwa la madzulo.

Achemwali a ku Area 47: Masana musalimbane nalo. Jambulani magulu ndi operekeza akwati pakhonde kapena m'mphepete mwa mthunzi, nkhope ziloze kowala. Musawalowetse mkati mwenimweni mwa mtengo wa mango, diresi imatenga mtundu wa masamba. Yezani kuwala pa diresi, isapse, nkhope muzikweza ndi fulashi pang'ono. Jakaranda akakhala kuti adakali ndi maluwa, muli ndi mwayi, pansi pamakhala pofiirira ngati mwayala kapeti. Za awiriwo zenizeni muzibe cha m'ma 5 koloko. Kuno dzuwa limalowa 6 isanakwane, ndiye mphindi khumi kuseri kwa holo zikukwanirani.

Madala a ku Limbe: Mayi, pamenepo ndiye ndikanako. Kuchotsa akwati pa perekani-perekani? Komiti ikudya wamoyo. Holo, zakudya, DJ, zonsezo akuyembekeza kuti zibwerera m'lichero limenelo. Gulu la kuntchito kwa mkwati laitanidwa, anthu asinthitsa kale ma K200 awo, mkwati kulibe, ali kuseri ndi wojambula. Ine ndinaonapo mnyamata wina akutulutsidwa ndi tcheyamani chifukwa cha zomwezo.

Achemwali a ku Area 47: Madala, n'chifukwa chake sindichita mobisa. Ndimapita kumsonkhano womaliza wa komiti, ndimapempha kuti zilembedwe pa pulogalamu. Mpata umakhalapo: akwati akamapita kukasintha zovala, kapena operekeza akamavina masitepe awo, kapena makashiya akamawerenga. Ndalama siziima. MC ndimamuuza m'mawa, ndimamulonjeza chithunzi chake chabwino ali ndi maikolofoni, ndiye amandikumbutsa yekha. Malo ndimakhala nditawaona kale, fulashi ili pa stand ikudikira. Akwati akangotuluka, kuwombera basi.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Ine ndangoyamba chaka chino, ndifunse nawo. Nanga a mafoni ndi ojambula a pompopompo aja, otsuka zithunzi n'kumagulitsa pakhomo la holo? Povekana mphete amandiimirira kutsogolo.

Wa ku Zomba: M'tchalitchi kaonane ndi mkulu wa mpingo mwambo usanayambe. Ena salola fulashi, ena salola kudutsa benchi yoyamba, ndiye udziwiretu poima, ndipo akakudziwa kuti ndiwe wa akwati amakutetezera malo. A pompopompo usakangane nawo, nawonso akusaka ya ndiwo. Uwauze kuti ndiyambe ine, kenako ndikusiyirani. A mafoni nthawi zina ndimawalowetsa dala, azakhali atatu atatukula mafoni, mkwatibwi akuoneka pakati pawo. Chimakhala chithunzi chomwe banja limaseka nacho kwambiri.

Wa ku Chilomoni: Ndabwerako ku komiti dzulo. Tcheyamani anayamba wakana, koma nditatchula zosintha zovala wandipatsa mphindi zisanu ndi zitatu, akuti ndikapitirira adzabwera yekha kudzawatenga. Magulu alemba 14, ndawachonderera afika 11. Azakhali a mawu okweza apezeka, ndi a kuchimuna. Mkwatibwi ndamuonetsa zithunzi zitatu zokha mwa za Pinterest zija zomwe zingatheke kuseri kwa holoyo, zinazo ndamuuza kuti zimafuna nyanja. Chatsala ndi stand, yanga inathyoka mwendo.

Madala a ku Limbe: Udzatenge yanga Lachisanu, ndili pa shopu mpaka 4 koloko. Ubwere ndi thumba la mchenga loipsinjira, mphepo ya Okutobala inandigwetsera kale fulashi imodzi. Ndipo za ku Ntcheu zija, yang'ana m'zithunzi za m'holo, sangalephere kuonekamo akuvina. Utsuke ziwiri zazikulu ukawapatse mayiwo pamanja.