Gulu la Banja: za shuga wa agogo

Azakhali: Mwadzuka bwanji nonse? Agogo anagwa dzulo madzulo pochokera kudimba. Thukuta ngati asamba, manja njenjenje, mawu osamveka. Kamakina koyezera shuga kanawerenga 3.1. Ndinawamwetsa madzi a shuga, masupuni atatu, ndiye anatsitsimuka.

Malume (Joni): Eeh! Si mwezi watha munati akumapeza 5 yekhayekha? Ine mpaka ndinawayamikira.

Achemwali (Leeds): Pepani malume, kwa munthu wa zaka 81 imeneyo si nambala yoombera m'manja. Kuno kuntchito okalamba ofooka sitiwathamangitsira pansi choncho. Shuga akatsika kupyola 3.9 ndi ngozi ya tsiku lomwelo: kugwa, kuthyoka chiuno, kukomoka kutulo. Wokwererako pang'ono amawononga maso ndi impso, inde, koma zimatenga zaka zambiri.

Malume (Joni): Komatu ife anatiuza kuti shuga ndi wofunika kumutsitsa.

Achemwali (Leeds): Kwa inu a zaka 50, zoona. Koma mu 2008 kafukufuku wa ACCORD ku America ndi Canada, wa anthu oposa 10,000, anasiyitsa msanga gulu lomwe ankalitsitsira HbA1c (muyeso wa shuga wa miyezi ngati itatu, osati nambala ya pakamakina) pansi pa 6 peresenti, chifukwa kumeneko ndi kumene kunkafa anthu ambiri. Kwa agogo ngati athuwa madokotala ambiri amalola HbA1c mpaka chamu 8 peresenti. Azakhali, akumwa chiyani?

Azakhali: Metformin ndi kaja kakang'ono, glibenclamide. Komanso dzulo anasala kudya, amati ndi tsiku la mapemphero. Mankhwala okha anamwa m'mawa.

Achemwali (Leeds): Mayo! Kameneko kamakhalitsa m'thupi, adye asadye kamangotsitsa. A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amalangiza gliclazide m'malo mwake kwa opitirira zaka 60.

Mlamu: Ndiye angosiya kumwa?

Achemwali (Leeds): Ayi mlamu, osasiyitsa tokha. Apite kuchipatala mawa lomwe, dokotala akaone ndi impso zomwe. Lero adye bwino, ndipo asagone okha.

Azakhali: Nanunso achimwene munawaletsa nsima, mbatata, ngakhale nthochi. Chitenje chikuchita kuzungulira kawiri.

Malume (Joni): Chabwino, ndalakwa ine. Adye mgaiwa wawo. Ndatumiza ya galimoto ndi ya timapepala toyezera, onani pa Mpamba.

Mlamu: Ndiwatenga 6 koloko. Azakhali, musaiwale buku lawo lachipatala ndi kakope ka manambala kaja.

Azakhali: Zili kale m'chikwama, pamodzi ndi maswiti. Za kusala kudyazo mukawauze ndinu mlamu, ine samandimvera.