Traxxas Slash kapena SC6, nditenge iti ya mpikisano?

Anzanga okonda timagalimoto ta rimoti, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kuyamba kupikisana nawo ndi timalole ta short course (totengera magalimoto ampikisano oyenda m'dothi) ta 1/10, kutanthauza tochepa kakhumi poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, pa bwalo la dothi, koma mutu wandiima pakati pa Traxxas Slash 2WD (yokoka ndi matayala awiri) ndi Team Associated ya m'gulu la RC10SC6 (mwachidule SC6).

Slash yakhalapo kuyambira 2008 ndipo masipeyala ake savuta kupeza. Ukathyola A-arm (kamkono kolumikiza tayala ku chasisi) lero, posachedwa wabwereranso m'bwalo. Chondikayikitsa n'chakuti chasisi yake ndi yokwera, ukakhota mwaliwiro tayala la mkati limanyamuka, kenako yagadabuka. SC6 ndi yotsika, mota yake ili chapakati, anaipangiradi mpikisano. Komatu imabwera yosamanga, ndipo mota, ESC (chowongolera liwiro la mota), servo (kamota kokhotetsa matayala) ndi rimoti ugule pawekha.

Inu amene munayendetsapo zonse ziwiri, kodi Slash nditaiika chasisi yotsika ya LCG ndi matayala abwino ingalimbane ndi SC6, kapena malo ake ndi spec class basi (gulu lomwe onse amapikisana ndi zipangizo zofanana)? Nanga Associated ikatulutsa mtundu watsopano, masipeyala a wakalewo amapezekabe kwa nthawi yaitali bwanji? Zomwe zimathyoka kawirikawiri pa SC6 ndi ziti, ndiguliretu?