Ndalama za chaka chino: madikishonale kapena bokosi la mabuku a nthano?

Mlembi wa gulu:
Makolo ndi abale nonse a kwathu kwa Kuntaja amene mukukhala muno mu Blantyre ndi kwina, komiti yandituma kuti ndikudziwitseni kuti zopereka za chaka chino zakwana K1,400,000. Aphunzitsi aakulu a pasukulu yathu ya pulayimale alemba kalata yopempha kuti tiwathandize pa Chingerezi. Akuti ana akafika Sitandade 5, pamene maphunziro ena onse kupatula Chichewa amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi, ambiri amangoti kakasi chifukwa mawu amene akuwadziwa ndi ochepa. Ganizo la komiti ndi lakuti tigule madikishonale a Chichewa ndi Chingerezi, ndipo ndalama zotsala tichititse mpikisano wa masipelo. Tikupempha maganizo anu lisanafike Loweruka.

aPhiri, Ndirande:
Ine ndikugwirizana ndi komiti. Tonse tikudziwa kuti mwana sangalandire satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi, chifukwa MANEB imafuna kuti pa maphunziro 6 amene wakhoza, limodzi likhale Chingerezi. Tigule madikishonalewo, ndipo aphunzitsi azipatsa ana mawu 10 oti aloweze tsiku lililonse monga ankatichitira ife.

aNabanda, mphunzitsi wopuma, Chilomoni:
Zikomo a Mlembi, zikomonso achimwene aPhiri. Vuto mwalitchula molondola, koma mankhwala ake ndikukayika nawo. Dikishonale imathandiza munthu amene akuwerenga kale ndipo wapunthwa pa liwu limodzi kapena awiri m'ndime. Mwana amene m'chiganizo cha mawu 8 akudziwamo 3 okha, akatsegula dikishonale kachisanu amakhala wayiwala pamene chiganizocho chinayambira, ndipo amatseka buku n'kuyang'ana pawindo.

Za kuloweza ndinazigwira ndi manja anga. Ndinkalemba mawu pabolodi Lolemba, ana n'kukopera m'makope, Lachisanu n'kuwatchula onse mokweza popanda kuphonya. Koma liwu lomwelo likabwera m'funso la zaulimi kapena la sayansi, litasintha pang'ono kumapeto kwake, mwana yemweyo samalizindikira. Liwu limakhazikika mwana akakumana nalo kambirimbiri m'malo osiyanasiyana: lero m'nthano, mawa m'nyuzipepala, mkuja n'kuligwiritsa ntchito iye mwini pofotokozera mnzake zimene wawerenga. Pa mayeso a Sitandade 8 ndaonapo ana odziwa bwino za kachirombo ka fodya ndi kasungidwe ka chimanga akulephera, osati chifukwa chosadziwa yankho, koma chifukwa sanamve ngati funso likufuna kuti atchule, afotokoze kapena ayerekeze zinthu ziwiri.

Tikumbukirenso kuti chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi athu ndi odzaza, moti mphunzitsi sangathe kumva mwana aliyense akuwerenga payekha. Ndondomeko ya boma yolimbikitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016 inalunjika pa Sitandade 1 mpaka 4, ndipo mabuku a m'kalasi ochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi ali ndi ntchito yake, koma mwana akaweruka alibe china choti awerenge mongosangalala. Ganizo langa ndi lakuti tigule timabuku tambiri ta nthano zosavuta, ta zithunzi ndi zilembo zikuluzikulu, tosanjidwa kuyambira tophweka mpaka tovutirapo, kuti ana a Sitandade 4 ndi 5 aziwerenga masana ndi Loweruka m'magulu ang'onoang'ono. Madikishonale tigule ochepa okha, a aphunzitsi ndi otsogolera maguluwo. Mpikisano wa masipelo umapindulitsa ana atatu amene ndi anzeru kale, pamene ife tikudandaula za amene amakhala kumbuyo osakweza mkono.

Msungichuma:
Aphunzitsi, mwalankhula zomveka, koma ine nkhawa yanga ndi kasungidwe. Dikishonale ndi buku lolimba loti likhoza kutha zaka, pamene timabuku topyapyala tikangolowa m'manja mwa ana nthawi yamvula timabwera topanda zikuto, tina n'kukathera pa kukulunga zitumbuwa pamsika. Tikati tizisunge mu ofesi, mudziwa mmene zimakhalira kuti kiyi amayenda ndi munthu mmodzi, ndipo mabuku amadyedwa ndi chiswe ali atsopano. Ndikufuna ndimve kuti adzasunga ndani, adzalemba obwereka ndani, ndipo buku likatayika adzalipira ndani.

aNgozo, Johannesburg:
Makolo anga, bwanji osagula mafoni kapena matabuleti angapo? Kuno ana amaphunzira mawu ndi katchulidwe kake pa intaneti, ndipo mabuku ambiri a ana amapezeka aulere.

aNachisale, Bangwe:
Achimwene aNgozo, sukulu yathu ilibe magetsi, ndipo ndalama zimene zatchulidwazi zingathere pa sola ndi bandulo mwana asanawerenge tsamba ngakhale limodzi. Koma ine ndili ndi mfundo ina imene ndikupempha kuti ilembedwe ndithu. Ngati tithandiza, tisalole kuti pulojekitiyi ibweretsenso chilango cha kulankhula Chichewa pasukulu. Ife tinakula nthawi imene wolankhula Chichewa ankavekedwa kachikwangwani m'khosi n'kukatchetcha udzu anzake akuphunzira, ndipo zotsatira zake zinali zakuti tinangophunzira kukhala chete. Mpaka lero pali anzanga ochita malonda ku Limbe amene amamva Chingerezi bwinobwino koma sangayerekeze kuchilankhula pagulu chifukwa cha mantha amene aja. Ndikufunsanso ngati Chingerezi ndicho chofunika kuposa zonse, poti zimbudzi ziwiri zimene zinagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sizinamangidwebe mokwanira.

aNabanda, mphunzitsi wopuma, Chilomoni:
Mayi aNachisale, pa chilangocho tili pamodzi. Mwana amene amawerenga Chichewa mosadodoma ndiye amafulumiranso pa Chingerezi, chifukwa luso lolumikiza zilembo ndi kutsata nkhani amakhala nalo kale. Chimene chamutsalira ndi mawu. N'chifukwa chake m'bokosimo muyenera kukhalanso timabuku ta Chichewa, ndipo mwana akawerenga nthano ya Chingerezi aloledwe kuyamba waifotokoza m'Chichewa kuti tione ngati waimva, kenako ayesere ziganizo ziwiri kapena zitatu m'Chingerezi.

A Msungichuma, mabuku asakhale mu ofesi. Tigule mabokosi awiri achitsulo okhala ndi loko, makiyi awiri, wina kwa mphunzitsi wa Sitandade 5, wina kwa amayi a m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Teremu yoyamba mabuku asapite kunyumba, aziwerengedwa pasukulu pomwepo, ndipo tiwakute ndi pulasitiki tisanawatumize. Ena adzang'ambika ndithu, ndipo ine sindingadandaule nazo kuposa kuwapeza ali oyera chaka chamawa. Kumudzi kuli achinyamata amene analemba MSCE ndipo akungokhala. Awiri tingawapatse kangachepe ka sopo pamwezi kuti azitsogolera magulu. Amene mumagula The Nation kapena The Daily Times musataye, chifukwa masamba a zamasewera anyamata a Sitandade 7 ndi 8 amawerenga popanda wowakakamiza, makamaka Bullets ikakumana ndi Wanderers.

aPhiri, Ndirande:
Ndamva, aphunzitsi, ngakhale sindinasiye kukhulupirira kuti kuloweza kuli ndi malo ake, chifukwa enafe kunatifikitsa pamene tili. Ndingavomere bokosi la nthano ngati mwana aliyense akhala ndi kope lakelake lolembamo mawu atsopano amene wakumana nawo, ndipo aphunzitsi aziliona Lachisanu lililonse. Ndikufunanso tidziwe mmene tidzayezere kuti ndalama zathu zagwira ntchito.

Wapampando:
Zikomo nonse. Nkhani ya zimbudzi ndi yoona, ndipo ndiikambirana ndi a mfumu ndi komiti ya sukulu kuti tione ngati ingalowe m'ndondomeko ya chitukuko cha dera, osati m'thumba lathu lokha. A Mlembi, kafunseni ku nthambi ya National Library Service ya muno mu Blantyre ngati sukulu ya kumudzi ingamabwereke mabuku kwa iwo ndi zimene amafuna kuti zimenezi zitheke. A Msungichuma, tibweretsereni mitengo ya mabokosi, makope ndi timabukuti kuchokera m'masitolo atatu. Mayi aNabanda, konzani kandime kamodzi kamene ana adzawerenge ndi kuyankha mafunso tisanayambe, n'kudzawerenganso kofanana nako pakutha pa teremu yachitatu, kuti funso la aPhiri liyankhidwe. Tidzavota Loweruka 2 koloko masana pamalo athu a nthawi zonse, ndipo amene muli kunja tumizani voti yanu kwa a Mlembi pofika Lachisanu madzulo.