Ndapukwa kwathu chibadwire mwanayu, kodi zimadzatha?

Mayi_wa_Tadala

Moni nonse muno. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga osalembapo kanthu koma lero ndati ndilembe basi mwina mtima ungapepukeko. Tinasamuka ndili woyembekezera chifukwa bambo a mwana anapeza ntchito kuno, ndipo ndi kutali zedi, si koti munthu ungangodzuka nkunena kuti ndikawaone amayi Loweruka lino ayi, pamafunika tchuthi, tikiti, mapepala, zonsezo. Mwana ndinachilira konkuno, pano watsala pang'ono kukwana miyezi iwiri.

Vuto langa ndi loti ndapukwa abale inu. Bambo amachoka kusanache kubwera kutada, nde tsiku lonse ndimakhala ine ndi kamwanaka basi, nthawi zina ndimazindikira madzulo kuti chidzukire sindinayankhule ndi munthu wamkulu olo mmodzi. Anthu oyandikana nawo ndi abwino koma zimathera pa moni wapakhomo, aliyense kutseka chitseko chake.

Amayi timayimbirana video call pafupifupi tsiku lililonse. Amangoti tamubweretsa pafupi ndimuone, ine kumuyandikitsa ku foni, iwo kumuyitana dzina, kumuyimbira, kenako netiweki kuyima nkhope yawo ili chitsegulire kukamwa, ine ndili halo halo mwana akulira. Tsiku lina anaona pa foni pomwepo kuti ndamukulunga kwambiri, akuti tamuvula kajuziko akumva kutentha uyo, ndipo zinali zoona atangovula anasiya kulira. Foni itaduka ndinalira ngati ine nde khanda. Chodabwitsa nchoti ndikamaliza kuyankhula nawo ndimakhumudwa kuposa mmene ndinaliri ndisanayimbe.

Ndikawauza bambo amati kodi ukusowa chani, nyumba ilipo, mwana ali bwino. Azinzanga a kwathu nawo amati iwe uli pabwino usatinamize. Nde ndimangokhala chete kuopa kuoneka wosayamika. Amayi sindinawauze kuti ndikuvutika chifukwa ali ndi BP, ndimangoti zonse zili bho.

Amene munadutsamo, zimatha izi? Ndiwauze amayi chilungamo kapena ndizingobisa? Nanga kupita kwathu kwa miyezi ingapo ndi mwana wamng'ono chonchi kungathandize kapena ndikungothawa?

NaPhiri_wakutali

Pepani asisi, ndawerenga mpaka misozi kulengeza chifukwa ndi mmene ndinaliri ndi mwana wanga woyamba. Sindinu wosayamika ayi. Mukusowa manja. Kwanu bwenzi wina atamunyamula kuti inu musambe bwinobwino osathamanga ndi sopo mmaso, wina atakuuzani kuti kagoneni ndimuyang'anira. Foni imabweretsa mawu ndi nkhope koma manja siyibweretsa, nchifukwa chake ikaduka mtima umawawa kwambiri.

Chomwe chinandithandiza ine ndi kusintha kayimbidwe. Ma call aja oti mwadzuka bwanji, mwana wagona bwanji, tamuonetsa, chabwino tsalani, aja ndi amene amapweteka chifukwa ndi achilendo, kwanu simunkacheza choncho ndi amayi anu. Ine ndinayamba kungoyitsamiritsa foni pakhoma nditayiika pa chaja, ndikusambitsa mwana kapena kupinda zovala, iwo uko akuchita zawo, mwina kutha mphindi khumi osayankhulana kenako amvekere wamupukuta kuseri kwa makutu? Bando imatha inde koma zinkamveka ngati tili nyumba imodzi. Komanso apempheni akujambulireni voice note akuyimba nyimbo zomwe ankakuyimbirani inuyo muli mwana, usiku akavuta muzimuyikira. Kaya zinkagoneka mwanayo kapena ineyo sindidziwa kkkk.

Za kubisa zija, mayi wokubereka sungamubisire, amamva pa mawu. Mwina iwonso akudzigwira uko kuopa kukudandaulitsani, nonse awiri mukungonamizana kuti zili bho. Simukuyenera kuwakhuthulira zonse tsiku limodzi, ingoyambani ndi kunena kuti amayi ndakusowani ndipo masiku ena amandivuta.

Mzamba_Chifundo

Mayi a Tadala zikomo polemba. Ine ndimagwira ntchito ya uzamba nde ndiloleni ndiyankhe mbali ya zaumoyo, chifukwa kupukwa ndi matenda okhumudwa zimafanana nkhope ndipo amayi ambiri amene ali kutali ndi kwawo amangoti ndikusowa kwathu pomwe pali china chomwe chikufunika chithandizo.

Mwana akangobadwa mahomoni a estrogen ndi progesterone amatsika mwadzidzidzi, nde kuyambira cha pa tsiku lachitatu amayi ambiri amangolira popanda chifukwa chenicheni, kukwiya msanga, mantha. Zimenezo zimatha zokha pasanathe masabata awiri. Zikapitirira pamenepo timayamba kuganizira postnatal depression, omwe ndi matenda okhumudwa obwera pambuyo pobereka. A WHO, bungwe la zaumoyo la dziko lonse, amati pa dziko lonse amayi pafupifupi 13 pa 100 aliwonse amene angobereka kumene amavutika maganizo, makamaka matenda okhumudwawa, ndipo kusowa anthu okuthandiza pafupi ndi chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zomwe zimawonjezera chiopsezo. Onjezanipo kusowa tulo, khanda limayamwa ka 8 mpaka 12 pa maola 24 ndipo kulira kwa makanda kumafika pachimake cha pa masabata 6, nde inuyo muli pa nthawi yovutitsitsa yeniyeni, zimayamba kuchepa akamayandikira miyezi 3 kapena 4.

Dzifunseni izi. Mwana akagona inu tulo timabwera kapena mumangoyang'ana kudenga? Mukudya? Pali chomwe chikukusangalatsani pa tsiku, olo pang'ono, monga akamwetulira? Mumadzimva kuti ndinu mayi wolephera? Munthu wongopukwa amalira akakumbuka kwawo koma amasekanso, chakudya chimalowa, tsiku lina limakhala labwino. Wodwala zimakhala zakuda tsiku ndi tsiku.

Mukamapita ku katemera kapena kusikelo muwauze anamwino kuti inuyo simukupeza bwino mumtima, musadikire kuti akufunseni chifukwa nthawi zambiri maso onse amakhala pa mwana. Pali kapepala ka mafunso 10 kotchedwa Edinburgh Postnatal Depression Scale, kanapangidwa ku Scotland mu 1987 ndipo kamagwiritsidwa ntchito mmayiko ambiri, kuyankha kwake ndi mphindi zisanu basi. Ndipo ngati atabwera maganizo odzivulaza kapena kuvulaza mwana, kapena kumva mawu oti ena sakuwamva, kusokonezeka, pamenepo nde musadikire tsiku la sikelo, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

Mbumba77

Ine ndinena mosapsatira, pitani kwanu. Zoti voice note, video call, zonsezo ndi zongopepesera. Munthu wangobereka kumene amafunika kusamalidwa nayenso, osati kutsekeredwa mnyumba yekha kuyambira mmawa mpaka usiku. Ngati ndalama ya ulendo ingapezeke, dikirani mwana alandire katemera woyambirira, mufunse adokotala ngati ali bwino kuyenda, mapepala ake akhale okonzeka, basi nyamukani mukapume miyezi iwiri itatu. Bamboo atsale azigwira ntchito yawoyo, mesa akuti simukusowa kanthu, aone nyumba ili zii mmene imakhalira. Kuthawa nkutani apa? Kupita kwa mayi ako ndi kuthawa kuyambira liti?

MakeYankho

@Mbumba77 sindikutsutsa kuti apite koma tisawanamize kuti kupita kumachiza, ine ndinapita ndipo pali zinthu zomwe palibe anandichenjeza.

Choyamba ndinachedwa, ndinapita mwana ali ndi miyezi 8, nthawi yeniyeni yomwe ana amayamba kuopa anthu achilendo. Agogo ake anakonzeka, kutambasula manja pakhomo pomwe akuyimba, mwana kungowayang'ana nkufuula kundikakamira mkhosi. Amayi anaseka nkunena kuti azolowera koma ndinawaona akupukuta mmaso ndi nsonga ya mpango akulowa mnyumba. Anadzazolowera inde patapita masiku koma poyambapo panawawa. Nde ngati mukupita, bola pano akadali wamng'ono woti aliyense amunyamula, kapena muwakonzekeretse agogo kuti asadzakhumudwe.

Chachiwiri kwathu komwe ndinkakusowa kuja sindinakupeze chimodzimodzi. Ang'ono anga ali bize ndi zawo, chipinda changa muli katundu wa anthu ena, azinzanga kubwera tsiku loyamba kudzajambulitsa ndi mwana basi osaonekanso. Komanso aliyense ndi malangizo ake, uyu akuti ukumuzoloweza manja, uyo akuti mkaka wako sukukwana, mpaka ndinayamba kuyisowa nyumba yanga ya ziii ija, ine yemwe ndinkalira kuti ndikufuna kwathu. Ndipo pobwerera nde eee, kulira kwa pa tsiku lotsanzika kunaposa konse, ndinafika kuno kuyambiranso pa ziro.

Chomwe chinasintha zinthu kwa ine ndi kupeza munthu mmodzi kuno. Mmodzi yekha. Ndinakumana naye pa mzere wa katemera, nayenso mlendo, chinenero chathu chosiyana timangolumikiza mawu, ndinalimba mtima kumupempha nambala manja akunjenjemera ngati ndikufunsira. Pano ndi amene ndimamusiyira mwana ndikafuna kupita kwa dokotala wa mano, iyenso amandisiyira wake. Sangalowe mmalo mwa amayi koma ali ndi manja ndipo amakhala pafupi. Nde pitani kwanu ngati mungathe koma mubwerere koti kuli wina wokudziwani dzina.

Ndipo muzituluka tsiku lililonse, olo kungozungulira msewu ndi mwana nkubwerera, pa nthawi imodzimodzi. Nkhope zimayamba kuzolowerana, moni amatalika pang'onopang'ono.

Bambo_a_mapasa

Ndilowererepo ngakhale ndi nkhani ya amayi. Funso loti ukusowa chani lija amuna ambiri timafunsa chifukwa tikamva kuti mkazi wapukwa timamva ngati akuti unalakwa kundibweretsa kuno, nde timayamba kudziteteza ndi nyumba, ntchito, mabilu. Mwinanso nawo bambowo apukwa koma sanganene poti ndi iwo anabweretsa banja. Abambonso amadwala maganizo mwana akabadwa, zimachitika.

Mlamu, yesani kuwapempha chinthu choti angachichite ndi manja. Mukati ndasowa kwathu sadziwa pogwira. Koma mukati mukafika mutenge mwana ola limodzi ndigone, kapena Lamlungu mmawa mwana ndi wanu ine ndituluka, kapena tiyeni tiyike tsiku la ulendo pa kalenda tiyambe kusunga ndalama, pamenepo amadziwa chochita. Tsiku likangolembedwa olo likhale la chaka cha mawa mtima umakhala ndi poyang'ana. Muganizirenso zowayitanitsa amayiwo kuti abwere iwo ngati thanzi lawo ndi mapepala zingalole, nthawi zina zimaphweka kusiyana ndi kuyenda ndi khanda.

Mayi_wa_Tadala

Zikomo nonse, sindimayembekezera kuti muyankha chonchi. Ya foni pakhoma ija ndayesa lero posambitsa, amayi anangokhala akusoka uko nkumandilangiza za kumakutu ndendende mmene mwanenera a NaPhiri, ndinaseka ndekha. Zowauza chilungamo sindinafikepo, ndinangoti ndakusowani iwo amvekere ifenso, kenako tonse kusintha nkhani. Bambo ndawawerengetsa zomwe alemba a Bambo_a_mapasa, sanayankhe zambiri koma atenga kalenda.

A Mzamba, mafunso anu aja andiopsa pang'ono. Akamwetulira ndimasangalala ndithu, maganizo odzivulaza ndilibe, koma tulo nde sitibwera olo iye atagona ndipo kudya ndimachita kudzikakamiza. Mantha anga ndi oti ndikanena kuchipatala aziti sindingathe kulera mwana, komanso akandipatsa mankhwala ndiye kuti ndisiye kuyamwitsa?

Mzamba_Chifundo

Kusagona mwana atagona ndi kusafuna kudya pa nthawi imene mwafikayi ndi zokwanira kuti mukaonane nawo sabata yomwe ino, musadikire tsiku la katemera. Mayi wobwera yekha kudzanena kuti sakupeza bwino ife timamuona ngati mayi wosamala, ndipo ndi nkhani yomwe timakumana nayo kawirikawiri. Si onse amapatsidwa mankhwala, ambiri amayamba ndi uphungu wongokambirana komanso kulumikizidwa ndi magulu a amayi a ana ang'onoang'ono mdera lomwelo. Mankhwala akafunika alipo omwe amaperekedwa kwa oyamwitsa, ingowauzani kuti mukuyamwitsa asankha oyenera. Apempheninso akuyezeni magazi chifukwa kuchepa kwa magazi komanso vuto la thyroid (chithokomiro cha pakhosi) pambuyo pobereka zimabweretsa kutopa ndi kukhumudwa kofanana ndi komweku. Ngati chinenero cha kumeneko chimakuvutani funsani ngati ali ndi womasulira, ndipo bambo apite nawo akamve okha.