Intakomu ya m'zipinda za odwala ikubweza mawu, AEC (yochotsa mawu obwerera) yandikanika

tekiniko_ulongwe: Akuluakulu thandizeni, mutu wayima. Ndamanga maintakomu 6 pachipatala china kuno ku Angónia, aja oti wodwala amangodina batani n'kumalankhula ali chigonere. Pabenchi zimamveka mwaa. Nditangozimanga kukhoma, namwino akalankhula akudzimvanso yekha, ndipo onse awiri akayankhulira pamodzi mawu a wodwala akudukaduka. Tail ya AEC (kutalika kwa nthawi yomwe imatsatira mawu obwerera) ili pa 64 ms, 16 kHz, NS (yochepetsa phokoso) ndakweza mpaka kumapeto, AGC (yokweza ndi kutsitsa mawu yokha) yoyatsa. Chipinda ndi simenti ndi matailosi, fani pamwamba. Lero tsiku lachitatu, achefe akundifunsa m'mawa uliwonse.

mdala_wamawaya: Mwana wanga, yang'ana terra, waya wopita kunthaka uja. Ine ndakalambira ntchito imeneyi, zonsezo ndi terra.

wa_moatize: Madala, terra yoipa imabweretsa kulira kwa 50 Hz kuja, huuuu, osati mawu obwerera. M'bale tekiniko, reference (mawu opita ku sipika omwe AEC imayerekezera nawo pochotsa obwerera) ukuitenga pati? Ngati voliyumu ukuisinthira pa amplifaya, kunja kwa DSP (chipu chokonza mawu), chipucho chikuchotsa mawu ena pomwe sipika ikutulutsa ena. Chinanso, kasipika kakang'ono ukakakweza kwambiri kamang'amba mawu, ndipo zong'ambikazo AEC siizidziwa, zimangodutsa. Tsitsa 6 dB uone kaye. Tail ya 64 m'chipinda cha matailosi ndi yaifupi, ika 128 ngati chipu chikulola.

tekiniko_ulongwe: Voliyumu ilidi pa amplifaya, ndinaika kapotenshiyo, kopotokola kaja, kuti anamwino azisintha okha. Koma ndikatsitsa agogo osamva aja amva bwanji?

mayi_wa_bayomedika: Achimwene, kapotenshiyoko chotsani, musasiye chopotokola m'wodi, aliyense wodutsa amachigwira. Koma ine chandiopsa ndi NS yanuyo. Zinandionekerapo kuno ku Tete. Ndinaikweza kuti iphe phokoso la fani ndi la makina a okosijeni, masana tikuyesa ndi mnzanga wamawu ngati mlaliki, zonse bwino. Usiku gogo wina wopuma movutikira anadina batani, nyali inayaka, koma namwino anangomva zii, chifukwa mawu onong'ona makinawo anawatenga ngati phokoso. Mwamwayi mlezi anathamangira ku desiki. Chiyambire pamenepo ndimayesa nditagona pabedi penipenipo, nkhope kukhoma, ndikunong'ona, fani ikuzungulira. Ndipo musajambule mawu a odwala poyesa, gonani inuyo kapena mnzanu.

mdala_wamawaya: Zonse mukunenazi ndi zamakompyuta. Kodi ndodo ya terra anakhoma? Nthaka ikauma mwezi wa Okutobala ndodo imakhala ngati palibe. Thirapo madzi.

wa_moatize: Madala, madziwo athira, koma echo, mawu obwerera aja, sichoka. Mayi anena zoona, ndipo AGC nayo ndi mfiti. Pakakhala chete imakweza gain (mphamvu ya maiki) kufunafuna mawu, n'kupeza fani. Ikireni malire, isapitirire. Pansi pa 100 Hz dulani ndi high-pass (sefa yochotsa mawu apansi), mawu a munthu amamvekabe bwino.

fundi_wa_tsangano: Musanakhudze sofutiweya, kanikizani bokosilo ndi chikhato wina akulankhula kuchokera ku desiki. Echo ikasintha, ndiye kuti mawu akudutsa m'pulasitiki momwemo kuchoka pa sipika kupita pa maiki. Pabenchi bokosi linali lotsegula kapena lili pansalu, n'chifukwa chake simunamve. Maiki imafuna mphira wake wozungulira, womata bwino pakabowo. Ine ndinamatapo siponji ndi guluu wamba kumunsi kwa Zambezi uko, kutentha kopitirira madigiri 40 kuja guluu anasungunuka, siponji n'kugwera mkati. Ndinakwera chapa (minibasi) kawiri pa ndalama yanga. Kwanu ku Ulóngwe n'kozizira, mwina mupulumuka.

mayi_wa_bayomedika: Onjezani javel, mankhwala oyeretsera aja. Oyeretsa amapukuta khoma lonse ndi bokosi lomwe, madzi n'kulowa pakabowo ka maiki. Kabowoko kaziyang'ana pansi. Ndipo mukatopa musathawire ku half-duplex (yolankhula mmodzi pa nthawi) osawauza anamwino, chifukwa iwo akamalankhula wodwala samveka konse, angakhale akukuwa.

mdala_wamawaya: Jenereta ikayaka mudzandikumbukira. Terra.

tekiniko_ulongwe: Jenereta ikayaka palidi kaphokoso kena madala, koma echo ilipo ngakhale pa magetsi a EDM, kampani ya magetsi. Mawa ndiyesa za chikhatozo, chipinda chimodzi chilibe munthu.

wa_moatize: Chopanda munthu chimamveka mosiyana m'bale, matiresi ndi makatani zimamwa mawu. Ukachuna mopanda kanthu udzachunanso.

fundi_wa_tsangano: Paja mphira wozungulira uja mukuupeza kuti masiku ano? Ine ndikudula wa chubu cha njinga, koma ukuuma msanga. Alipo akutsikira ku Tete sabata ino, kapena wodutsa pa Calómuè kupita ku Dedza, andifunsireko?