Haiku m'Chichewa: nyengo zake zikhale ziti, nanga "mtima" tiwerenge bwanji?

Nangondo wa pa Mponela:

Moni nonse. Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ina pa Mponela pano. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 ndiye anandionetsa tindakatulo ta ku Japan ta mizere itatu, totchedwa haiku. Ndinatikonda chifukwa timakwana m'mphepete mwa kope lomwe ndimalembamo miyezo ya makasitomala, ndiye ndikakhala kuti ndikudikira munthu, ndimalembako kamodzi.

Zomwe ndinamva n'zakuti mzere woyamba ukhale ndi maphatikizo 5, wachiwiri 7, wachitatu 5, komanso mukhale liwu losonyeza nyengo. Chaka chatha mvula itagwa koyamba ndinalemba aka:

Mvula yoyamba
mtima wanga wakondwa
dziko lakoma

Mafunso anga ndi awiri. Mwana wanga akuti mzere wapakatiwo uli ndi maphatikizo 8, ine ndikupeza 7. Akulondola ndani? Lachiwiri ndi la nyengo. Zomwe ndawerengapo zonse zikunena za chipale chofewa, maluwa a mitengo ya kwawoko ndi masamba oyoyoka, zinthu zoti kuno ku Dowa sindinazionepo. Kodi ndikalemba za chigafa cha fodya kapena za ngumbi, ikhalabe haiku, kapena ndangolemba kandakatulo kakafupi basi? Odziwa ndithandizeni.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba:

Mayi Nangondo, zikomo pofunsa, ndipo mwanayo mumuyamikire chifukwa wawerenga bwino. Tchulani "mtima" pang'onopang'ono. Mumva kuti milomo ikuyamba yatsekeka kaye n'kung'ung'udza musanafike pa "ti". M ameneyo amaima payekha: m-ti-ma, maphatikizo atatu. Chimodzimodzi mtengo, mtsinje, mlimi, mkaka. Koma mu "mvula", "mbuzi" ndi "mphepo" m amamatirira ku chilembo chotsatira, ndiye mvu-la ndi awiri okha. Mzere wanuwo ndi 8.

Chosangalatsa n'chakuti a ku Japan nawonso ali ndi n woima payekha yemwe amamuwerengera, ndipo lembo la liwu likatalika amaliwerenga kawiri, moti dzina la mzinda wa Tokyo kwa iwo ndi magawo anayi. Mawu awo ambiri amathera ndi a, e, i, o, u ngati athuwa. Choncho 5-7-5 amatikhala bwino ife kuposa olemba m'Chingerezi, omwe maphatikizo awo ndi olemera, moti ambiri a iwo anasiya kuwerenga mpaka 17. Vuto lathu ndi aneni. "Ndinkawakumbukira" yekha wadya kale mzere wonse wapakati. N'chifukwa chake haiku ya Chichewa imayenda bwino ikatsamira pa mayina a zinthu, mneni n'kukhala mmodzi kapena osakhalapo n'komwe.

Koma mundilole ndinene chomwe chandikhudza kwambiri, chomwe si kuwerenga ayi. Mzere wanu woyamba ndi wabwino zedi. Mizere iwiri inayo ikundiuza zoti ndimve, osandionetsa kanthu. Munakondwa, inde, koma tsiku limenelo munaona chiyani? Ndani anathamangira kukaanula zovala? Ndani anatulutsa ndowa? Masaoka Shiki, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1867 mpaka 1902 ndipo ndiye anafalitsa dzina loti haiku, ankalimbikira kuti mlakatuli azilemba chomwe maso ake aona, monga amachitira wojambula. Tiyerekeze kuti kwanu kuli gogo:

Mvula yoyamba
agogo akufunsa
za khasu lawo

Mawu oti chimwemwe mulibemo, koma aliyense wokulira kumudzi akumva zomwe zikuchitika mumtima mwa gogoyo. Onaninso kuti muli zigawo ziwiri: mvula payokha, kenaka gogo ndi khasu. Pakati pakepo pali kadanga, ndipo wowerenga ndiye amalumikiza. A ku Japan ali ndi timawu todulira pamenepo, amati kireji, monga "ya" ndi "kana".

Za nyengo ndiyankha mwachidule, ena awonjezere. Liwu la nyengo amati kigo, ndipo ali ndi mabuku otchedwa saijiki omwe anasanjamo mawuwa m'magawo asanu: nyengo zawo zinayi ndi Chaka Chatsopano. Kwa iwo chule ndi wa nyengo yophukira zomera, mwezi ukatchulidwa wokha ndi wa nyengo yoyoyoka masamba. Sanazitole kumwamba zimenezi, anagwirizana pakati pawo kwa zaka mazanamazana potengera zomwe ankaona kwawoko. Inu lembani za chigafa. Munthu wa ku Dowa kapena ku Kasungu akamva liwu limenelo adziwiratu kuti tili chakumapeto kwa dzinja, fodya akuthyoledwa, manja ali bii. Ntchito ya kigo ndi imeneyo.

Mwana wa Msodzi, Nkhotakota:

Aphunzitsi anena zoona, koma ine ndili ndi dandaulo laling'ono. Anthu akamatchula nyengo za kuno amangoti dzinja, masika, chisanu, chilimwe, ngati tonse timadalira munda. Kunyanja chaka timachiwerengera pa mphepo. Mwera ukayamba kuwomba kuchokera kummwera, makamaka Juni ndi Julayi, nyanja imakalipa, mabwato amakhala masiku ali pamchenga, ndiwo n'kusowa ngakhale m'nyumba ya msodzi. Mpoto ndi wa nthawi ya mvula. Palinso nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'madzi ngati utsi, toti munthu wa kumtunda akationa amayesa kuti kwinakwake kukupsa. Onsewa ndi mawu a nyengo, ndipo kwa ine ndi olemera kuposa "chisanu". Yanga nayi:

Mwera wakula
pa thandala palibe
ngakhale ntchentche

Amene sanayanikepo usipa mwina sangaimve msanga, koma sindikufuna kuifotokoza. Bambo anga akanakhalapo akanangogwedeza mutu.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba:

Achimwene a ku Nkhotakota, musaifotokozedi. Ntchentche yosowayo yanena zonse, njala ndi kudikira komwe. Dandaulo lanu ndalimva. Ku Japan nakonso dziko ndi lalitali, Hokkaido kumpoto kumazizira kwambiri pamene Okinawa kummwera n'kotentha, ndiye mndandanda umodzi sukwanira onse bwinobwino.

Nasibeko wa ku Limbe:

Ine ndilowererepo pa ziwiri. Choyamba, mayi Nangondo, musaganize kuti haiku ndi ya kumudzi kokha kapena ya mapiri ndi mbalame zokha. Nyengo imafika ndi m'tauni momwe. Ine ndimakwera minibasi m'mawa uliwonse kuchoka ku Bangwe, ndipo ndikhoza kukuuzani mwezi pongoona zomwe amayi ayala m'mbali mwa msewu: masuku ndi mango chakumapeto kwa chaka, bowa mvula ikakhazikika, mondokwa cha mu Febuluwale ndi Malichi, mbatata ndi nzimbe kukazizira. Mitengo ya jakaranda ikachita maluwa mu Seputembala ndi Okutobala, dziwani kuti kutentha kwafika. Nayi ya kwathu kuno:

Chiperonichi
wogulitsa mbatata
manja pamoto

Ndikudziwa kuti akatswiri a ku Japan sakonda mawu awiri a nyengo mu haiku imodzi, ndipo muno muli chiperoni ndi mbatata. Ndinayesa kuika "wogulitsa makala", koma si amene ndinamuona. Ndinaona mayi wa mbatata, atafunda chitenje kumutu, kamvula kakuwaza. Ndasankha kusunga zomwe ndinaona.

Chachiwiri ndi cha kudula kuja. Aphunzitsi, ife tilibe "ya" kapena "kana", koma tili ndi mivekero, ndipo ine ndimaona kuti imagwira ntchitoyo bwino kwabasi. Munthu ukati zii, phee, mbee, mpweya umaima wokha, sufunanso chizindikiro. Tamvani iyi, ya mu Okutobala kwathu ku Chiradzulu:

Masana zii
nyenje ilira yokha
kumanda kuja

"Zii" ndimamuwerenga kawiri chifukwa pakamwa amatalika, ndiye mzere woyambawo ndi 5. Manda ndawatchula chifukwa m'midzi yambiri kwathu mitengo ikuluikulu inatsala kumanda kokha, ndiye nyenje n'komwe zimasonkhana. Zimandiwawa, koma mu ndakatulomo sindinanene kuti zimandiwawa.

Chenjezo langa n'lakuti mvekero ukhale umodzi. Ikachuluka, haiku imasanduka nthano ya ana.

Chatsalira wa ku Johannesburg:

Ndawerenga zonse, ndaphunzirapo zambiri. Ine pa 5-7-5 ndimasiyana nanu pang'ono. Ndikakakamira kuti akwane 17 ndimapezeka ndikuphatika "-tu", "-di" ndi "-wo" pomwe sakufunika, Chichewa n'kumamveka chopotoka. Kwa ine bola mzere uperewere limodzi kusiyana n'kuika liwu loti pocheza sindingalinene. Ngakhale Matsuo Bashō, yemwe anamwalira mu 1694 ndipo onse amamulemekeza, ali nazo zina zodumpha 17.

Pa za Bashō pomwepo pali chinthu chomwe chimandilimbitsa mtima. Iye asanabwere, alakatuli a kwawo akatchula chule ankanena za kulira kwake. Iye mu 1686 analemba za phokoso la madzi chule atadumphiramo. Ndiye liwu la nyengo si goli. Tonse tikamva "ngumbi" timaganiza za ndiwo, koma wina akhoza kuona mapiko okhaokha ali mbwee pakhonde m'mawa mwake, n'kulemba zimenezo.

Mayi Nangondo, simuli nokha mu Africa muno. Ku Nairobi kunakhazikitsidwa magulu a ana asukulu olemba haiku, ndipo anasonkhanitsa mawu a nyengo za ku Kenya, komwe mvula imagwa nyengo ziwiri pachaka. Alakatuli a ku Ghana ndi ku Nigeria anayambitsa Africa Haiku Network, yomwe inakhazikitsa magazini ya pa intaneti yotchedwa The Mamba. Onsewa anakumana ndi funso lanu lomweli ndipo anasankha nyengo za kwawo.

Vuto langa ine ndi lina. Kuno chisanu cha Juni n'choopsa, udzu umayera m'mawa, koma ndikakhala pansi kuti ndilembe, m'mutu mumabwera utsi wa lupsa ndi anyamata okumba mbewa kwathu ku Ntcheu. Sindidziwa ngati ndizilemba za kumene ndili kapena za kumene ndinachokera.

Nangondo wa pa Mponela:

Zikomo kwambiri nonse, simunandiumire. Aphunzitsi, mwana uja ndamuuza, wasangalala. Funso lanu loti ndinaona chiyani ndalitenga. Usiku wa tsiku lomwe mvula inagwa, ana a nyumba zoyandikana nafe anadzaza pa babu la panja pa sitolo:

Ngumbi pa nyale
ana ndi mabeseni
tulo palibe

Ndawerenga kawiri, ikukwana. Koma achimwene a ku Johannesburg, mfundo yanu ya "-tu" ndi "-di" ndaisunga, chifukwa Chichewa chopotoka nanenso sindichifuna. Pa funso lanu, ine ndingati lembani zonse ziwiri, koma iliyonse payokha. Udzu woyerawo ife sitinauone, mutionetse.

Ndayamba tsamba latsopano kumapeto kwa kope langa, ndikulemba mawu a nyengo motsata miyezi. Pa Okutobala ndaika kusosa, nazale ya fodya, kamvulumvulu, nyenje ndi chizimalupsa. Pa Epulo ndi Meyi ndaika mabelo opita ku Kanengo, kukolola ndi kumanga nkhokwe. Ndaonanso kuti kuntchito kwanga kuli nyengo zake: mayunifolomu sukulu zikamatsegulira, madiresi a ukwati anthu akagulitsa mbewu, ndi zovala za Khirisimasi.

Pomwe ndaima ndi pa mango. Mchemwali wanga wa ku Salima amatitumizira akupsa pamene athu kuno akadali aawisi, ndiye sindikudziwa mwezi woti ndiwaike. Ndikuganiza zoti pa liwu lililonse ndizilembanso boma lake. Achimwene a ku Nkhotakota, nkhungu zimatuluka miyezi iti kwanuko? Achemwali a ku Limbe, nanunso munditumizire za chiperoni, kuti chimayamba liti ndipo chimatha liti.